Chimanga chokha sichilera nkhuku

Gulu lathu kuno kwa Khombedza, ku Salima, likuphunzira kaweteredwe ka nkhuku zachikuda ndi alangizi a ziweto. Ambirife tinkayesa kuti nkhani yonse ithera pa chitopa ndi katemera wa I-2 wodonthezera m'diso uja. Zimenezo tinaphunziradi, koma mutu umene wadzaza kope langa ndi wa chakudya, makamaka chimanga chimene timangowaza pabwalo n'kumati taweta.

Chimanga chimapatsa mphamvu, koma zomanga thupi zilimo magawo 8 kapena 9 okha pa 100 alionse. Nkhuku yoikira imafuna magawo 16 mpaka 18, anapiye amafuna pafupifupi 20. Ndiye thadzi lodya chimanga chokhachokha limakhuta, mwinanso kunenepa, koma mazira amabwera mwa apo ndi apo, ena a chigoba chofewa. Nkhuku zathu zimapulumukira kupalasa: chiswe, ziwala, nyongolotsi, msipu.

Apa mpamene ndinaona kuti nyengo zathu zimasemphana ndi zofuna za nkhuku. Kuyambira Ogasiti mpaka Novembala chimanga chimakhala chilipo m'matumba, koma nthaka yauma gwaa, tizilombo tasowa, msipu wapsa. Januwale ndi Febuluwale tizilombo tili mbwee, koma chimanga n'chosowa ngakhale kwa anthu. Choncho chowonjezera chisamakhale chimodzimodzi chaka chonse. M'chilimwe nkhuku imasowa ndiwo, m'dzinja imasowa nsima.

Kakonzedwe kake nkosavuta koma kali ndi mfundo. Nkhuku yaikulu imameza njere yathunthu popanda vuto chifukwa nthutumba ndiyo imapera. Amene anatumbulapo nkhuku akudziwa timiyala tosalala timene timapezeka m'menemo, nthawi zina ndi kachidutswa ka botolo kotha m'mbali. N'chifukwa chake nkhuku zotsekeredwa m'khola zimafunika kuziikira mchenga wokhakhala. Anapiye sangameze njere, amafuna misere. Ku chigayo muziwauza kuti angophwanya, asagaye ufa. Ufa wosalala umakakamira kukamwa, wina umauluka ndi mphepo, wina umathera m'dothi.

Madeya ndiwo chakudya chimene banja lililonse lingakwanitse, ndipo ali ndi mafuta komanso zomanga thupi zoposako pang'ono za chimanga chathunthu, popeza mtima wa njere umatsalira momwemo. Vuto lake ndi chinyezi. Pokonola timathira madzi, ndiye madeya amachoka ku chigayo ali onyowa. Mukawamangira m'thumba osayanika, pakangopita masiku ochepa pisanimo dzanja: mumva kutentha m'kati, mupeza zibuluma, fungo lake lowawasa. Ayanikeni pamphasa kaye mpaka azichita kuyoyoka m'manja.

Zimenezi zikukhudzana ndi chizolowezi chimene chikundivutitsa maganizo kwambiri. Posankha chimanga, chowola chija timachiika padera n'kunena kuti "ichi n'cha nkhuku". Chuku cha pachimanga ndi mtedza chimatha kutulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Nkhuku imasiya kukula, imachepetsa kuikira, chitetezo cha m'thupi chimatsika mpaka katemera amene tavutikira uja sagwira bwino. Kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa, ndipo wina amatha kufika m'mazira ndi m'chiwindi chimene timapatsa ana. Kutentha ndi chinyezi cha kuno kunyanja n'zimene chuku chimakonda. Ine ndaona kuti chimanga chowola ndi chokwirira basi, ngakhale mtima uwawe chotani.

Pa zosakaniza, a ku Salima tili ndi mwayi. Kumene amayanika usipa, monga ku Senga Bay ndi ku Chipoka, pansi pa thandala pamatsala mitu ndi fumbi la nsomba, ndipo nsomba youma zomanga thupi zake zimapitirira theka. Chofunika n'kupewa yothira mchere wambiri komanso yoyamba kununkha. Soya naye alipo, koma wosakazinga ali ndi zinthu zolepheretsa chakudya kugayika m'mimba mwa nkhuku. Akazingidwe pamoto wochepa mpaka afiirire n'kumanunkhira, asapserere, kenako apite ku chigayo. Masamu ake ndinawakonda: makilogalamu 3 a chimanga chophwanya ndi kilogalamu 1 ya soya wokazinga zimafikitsa zomanga thupi pafupi ndi magawo 16 aja. Za chigoba cha dzira, zigoba za nkhono kapena za mazira zowotcha n'kusinja ziziikidwa m'kambale kapadera, yoikira imadzitengera yokha.

M'gulu mwathu mudabuka mtsutso. Mayi wina adafunsa alangizi kuti, "Inu achimwene, chimanga chosakwanira ana anga ndichipatse nkhuku?" Ine ndili mbali ya mayiwo. Muyeso wa m'kope ndi wa nkhuku zotsekera, zimene iliyonse yoikira imadya magalamu oposa 100 patsiku. Zathu zoyendayenda zimangofuna kuwonjezera, ndipo madeya ouma osakaniza ndi fumbi la usipa akukwana. Chikachepa, tiyambe ndi anapiye ndi mathadzi oikira. Atambala azikadzifunira okha. Anapiye tiziwadyetsera pansi pa dengu lovundikira lotukula pang'ono ndi miyala, kuti iwo okha azilowa, apo ayi zikuluzikulu zimatha zonse iwo asanajompheko.

Sabata ikubwerayi tikuphunzira zomwetsera. Ndi dzuwa la Okutobala la kunoli, nkhuku yosowa madzi imasiyanso kudya, ndiye aliyense wauzidwa kuti abwere ndi chigubu chakale ndi mpeni.