Pemphero la kamwana kathu m'mawa uno

M'mawa uno tisanayambe masamu tinakhala pamkeka, tonse titafunda zitenje chifukwa cha kuzizira, chifunga chitaphimba phiri la Zomba. Timawerenga 1 Samueli 3. Nditafika pamene Samueli akumva kuitana usiku n'kuthamangira kwa Eli, kamtsikana kathu ka zaka zinayi kanandidula mawu: "Amayi, ndiye kuti Mulungu amadziwanso dzina la mwana?" Ndinati eya. Kanakhala phee, kenako kanati lero kapemphera ndi iko. Kanapempherera agogo ake a ku Jali amene miyendo ikuwavuta, bambo ake amene ali pa ulendo, ndi nkhuku yathu imene ikufungatira mazira. Achimwene ake anayankha "Amen" mwamphamvu. Abale, misozi inalengeza m'maso mwanga.

Ambiri amandifunsa ngati ana ophunzira pakhomo satsalira m'mbuyo. Ine mphindi zochepa zam'mawazi sindingazisinthanitse ndi chilichonse. Sititalikitsa ayi, mwana wamng'ono sakhazikika nthawi yaitali: nyimbo imodzi, nkhani yaifupi, kenako mafunso awo, ngakhale ena amakhala osokonekera. Deuteronomo 6:7 imatiuza makolo kuti tizilankhula mawu a Mulungu kwa ana tikakhala m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Ntchito imeneyi si ya aphunzitsi a Sande sukulu okha, amene amawaona anawa kamodzi pa mlungu.

Chonde, inunso muwakumbukire agogo athuwo m'mapemphero anu, Lachisanu tikupita nawo kuchipatala.