Mtengo wa hot rod: tsopano ndaona pamene pagona nkhani

Mtima wanga wakhala m'malo. Pa phunziro lathu la kuyika mitengo pa katundu, gawo la galimoto zakale za ku America ndi limene limandizunguza mutu. Bwanji hot rod, galimoto yakale yosinthidwa kuti izithamanga kwambiri, imene munthu wathirapo ndalama zankhaninkhani kawirikawiri imapita pa mtengo wosafika pa zimene anawononga, pamene inzake yobwezeretsedwa mmene inatulukira ku fakitale imasunga mtengo? 

Nkhani ndi iyi: wogula salipira thukuta la makaniko, amalipira chimene angathe kutsimikiza. Galimoto yobwezeretsedwa ili ndi muyeso umene suchokera kwa mwini wake. Fakitale inanena kale penti yake, injini yake, nsalu ya mipando yake, ndipo aliyense wodziwa akhoza kuwerama, kupukuta girizi pa injini n'kuwerenga nambala. Hot rod muyeso wake ndi kukonda kwa munthu mmodzi. Ili ngati suti ya kwa telala, yokongola ndithu, koma yosokedwa pa thupi la wina. Ogula amachepa, mtengo nkutsika.

Chinandimasula kwenikweni ndi Mercury ya 1951 ya Bob Hirohata. Abale awiri, Sam ndi George Barris, anaidula denga n'kulitsitsa, anachotsa mizati ya pakati, pambuyo pake inaikidwa injini ya Cadillac. Kwa munthu wokonda za fakitale, imeneyo ndi galimoto yoonongedwa. Jim McNiel anaigula mu 1959 pa madola 500. Mu Januwale 2022, pa okushoni ya kampani ya Mecum ku Kissimmee, ku Florida, inapita pa madola oposa 2 miliyoni. Ndikudziwa kuti ena munena kuti iyi ndi custom (yosinthidwa maonekedwe) osati hot rod, koma mfundo yake ndi imodzi, ndipo Ford ya 1932 ya Tom McMullen, hot rod yeniyeni, inagulidwa madola 700,000 mu 2012. Kudulako kunasanduka mbiri. Wodula akudziwika, chaka chikudziwika, zithunzi za m'magazini a nthawi imeneyo zilipo. Ndiye kuti nayonso yapeza muyeso wake. Nchifukwa chake ngakhale chionetsero chotchuka cha galimoto zakale cha Pebble Beach, ku California, chinalola ma hot rod akale mu 1997.

Njira imene yandithandiza ndi kuwerenga zotsatira za okushoni, mitengo imene galimoto zinagulidwadi, osati imene eni ake amatchula. Ndimatenga ziwiri za chaka chimodzi n'kufunsa kuti wogula akanatsimikiza chiyani. Kwa ine njira imeneyi ikuposa buku lililonse limene tapatsidwa.

Chimandiwawa n'chakuti aphunzitsi athu anathera nthawi yonse pa masamu a kutsika kwa mtengo chaka ndi chaka, zimene pa galimoto izi sizigwira n'komwe. Nditafunsa anati tibwererako, koma mayeso ayandikira, ndipo ine ndimawerenga usiku ndikaweruka ku ntchito.

Pamene ndikadali kakasi ndi pa ma restomod. Thupi lakale, injini ndi mabuleki zatsopano, mbiri palibe, komabe pa okushoni ya kampani ya Barrett-Jackson ena amapitirira mtengo wa zobwezeretsedwa. Mwina ogula amasiku ano akufuna yoyendetsa osati yosunga. Ngati ndi choncho, mfundo yangayi ikufika theka chabe, ndipo sindinaone poilumikiza.