Sabata ya utsi pagalaja yathu ku Biwi

Lolemba m'mawa, tisanamalize n'kusesa komwe, inalowa Sienta yoyera, imodzi mwa zija zonyamula anthu pakati pa Lilongwe ndi Mponela. Fungo lake ndinalimva isanaime. Amene wakhalitsa pa zamakaniko amalidziwa fungo limeneli, la petulo wosapsa bwino, loyabwa m'maso, lotsalira pakhosi. Dalaivala anatsika nkhope ili yakugwa.

"Achimwene, galimotoyi ikundimaliza. Ndikathira mafuta, pofika pa Lumbadzi geji yatsika kale. Abwana akuganiza kuti ndikuwabera."

Pa dashibodi panali katepi kakuda. Nditamatula, kanyali ka injini kanali chiyakire. Anati kanayamba kuyaka nthawi yadzinja, ndipo mnzake wina anamuuza kuti galimoto za ku Japan zimatero, angokaphimba. Ndinalumikiza kamakina kathu kowerenga kompyuta ya galimoto, tinayenda nayo mpaka ku Area 18 n'kubwerera. Madzi a mu injini sanapitirire madigiri 65, pomwe injini imeneyi imafuna kukhala pakati pa 80 ndi 90. Titamasula paipi yochokera ku radiator, malo a thermostat anali pululu.

Apa mpomwe pamandiwawa, chifukwa inenso ndachotsapo ma thermostat ambiri ndi manja angawa. Amene anandiphunzitsa ntchito ankati kachipangizo kameneka n'ka kumaiko achisanu, kuno kotentha kamangowiritsa injini. Ndinakhulupirira kwa zaka zingapo. Chonsecho ntchito yake ndi kutsekera madzi kuti asapite ku radiator injini isanatenthe. Mukakachotsa, injini imakhala yozizira ulendo wonse, kompyuta n'kumayesa kuti galimoto yangolizidwa kumene, n'kumathirabe petulo wochuluka. Petulo ndi mpweya zili ndi muyeso wake, pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Petulo akachuluka, wina amatuluka osapsa, ndipo limodzi naye pamatuluka carbon monoxide, mpweya womwe uja umapha anthu akagona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka.

Vuto lachiwiri linali kunsi. Nditagogoda ndi sipanala catalytic converter, chipangizo choyeretsa utsi pa ekizozi chomwe timangoti catalyst, inalira ngati chitini chopanda kanthu. Ndinapisa dzanja pamwamba pake, kumene maso safikako, n'kukhudza mzere wa owotcherera. Dalaivala anakhala kaye chete, kenako anakumbuka kuti miyezi ingapo yapitayo anaisiya galimotoyo tsiku lonse kuti amumatire sayilensa. Anammatiradi, koma zam'kati mwa catalyst anakokolola. Tinaika thermostat, mapulagi atsopano ndi fyuluta ya mpweya. Za catalyst anati adikire, ndalama palibe.

Tsiku Lachiwiri linali la masevisi atatu ndi mabuleki a Probox. Galimoto iliyonse yolowa pano timaiyeza mpweya wa m'matayala ngakhale mwiniwake asanene, chifukwa tayala lophwa limakoka injini ndipo mafuta amapita pachabe.

Lachitatu kunabwera anyamata awiri ndi kasikelo m'chikwama. Kwa ine sanafike. Anamuitanira kuseri mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito. Madzulo, tikutsuka m'manja, mnyamatayo anandiuza yekha.

"Abwana, akuti ndikawachotsera catalyst ya mu Fit yagona apoyi, andipatsa ndalama yoposa ya pamwezi. Akuti mwini wake sangadziwe."

Sindinamukalipire, poti wanena yekha, komanso ndikudziwa mmene zinthu zakwerera mitengo. Ndinatsegula kabati n'kutulutsa chidutswa chomwe ndimasunga, chochokera mu catalyst ina yomwe inasweka. N'chopepuka, chotuwa, chonga dothi lowotcha, chodzaza timabowo ting'onoting'ono ngati chisa cha njuchi. Ndinamuuza achiloze kudzuwa. Kuwala kunadutsa m'timabowo tonse, mazanamazana, tosalola ndi kamtengo ka machesi komwe. M'makoma a timabowoto anapakamo platinum, palladium ndi rhodium, magalamu ochepa chabe, koma zitsulo zodula zedi. Platinum wambiri wa padziko lonse amakumbidwa ku South Africa, kumigodi yonga ya ku Rustenburg. Anyamata a sikelo aja akufuna zimenezo. Koma chipangizochi chikakhala pamalo pake, n'kutentha kufika cha m'madigiri 300, utsi ukamadutsamo umasintha. Carbon monoxide amasanduka carbon dioxide, petulo wosapsa amamalizika kupsa, ndipo mipweya ya nitrogen oxide, yomwe imakanda m'mapapo, imabwerera kukhala nitrogen wamba yemwe tikupuma kaleyu.

Ndinamufotokozeranso kuti kale zipangizozi sizikanakhalitsa kuno, chifukwa petulo ankakhala ndi mtovu, ndipo mtovu umaziphimba n'kuzipha. Maiko a kum'mwera kwa Sahara anasiya petulo wa mtovu pofika 2006, ndipo dziko lomaliza padziko lonse linali Algeria mu 2021. Panapita zaka anthu akulimbana kuti tifike pamenepa, ife n'kumawononga ndi girayinda pa theka la ola.

Kenako ndinamulozera kumsewu. Pageti pathu pamakhala mayi wina wootcha chimanga, mwana ali pansi pambali pake akusewera. Galimoto zikaima pamenepo podikira kulowa mumsewu waukulu, ekizozi imakhala yolunjika kumaso kwa mwana uja. Ife akuluakulu utsi umatipeza utamwazika kale. Mwanayo amaulandira wongotuluka kumene, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa.

Mnyamatayo anafunsa funso labwino. "Nanga catalyst ikatsekeka, galimoto n'kumalephera kukwera mtunda, titani?" Ndinamuyankha kuti nthawi zambiri catalyst siifa yokha, pamakhala chimene chaipha. Mwina injini ikudya oyilo, mwina pulagi yafa, mwina thermostat palibe. Ukangoiboola osafufuza chimenecho, matenda wawasiya momwemo.

Mawa lake zinachita kudziwonetsa zokha. Mayi wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, anabwera ndi Vitz ikunjenjemera, kanyali ka injini kakuphethira. Kamakina kanawonetsa P0302, kutanthauza kuti silinda yachiwiri sikuwotcha. Koyilo, yomwe imapereka moto ku pulagi, inali itapsa. Ndinawathokoza kuti abwera tsiku lomwelo. Silinda ikaleka kuwotcha, petulo wake amapita wamuwisi mu ekizozi n'kukayakira m'kati mwa catalyst, ndipo chisa chija chimasungunuka n'kuumbika ngati phula. Akanayenda nayo masabata angapo, koyilo imodzi ikanawaonongetsa chipangizo chodula kuiposa kangapo.

Tikudikira koyilo kuchokera kushopu, anandifunsa ngati kuli kwanzeru kugulitsa Vitz n'kuitanitsa Aqua. Ana asukulu awo amaphunzira za kusintha kwa nyengo, ndiye amafuna kumvetsa. Ndinawauza chimene anthu ambiri amasokoneza. Catalyst imachotsa poizoni, koma carbon dioxide siichotsa. Lita imodzi ya petulo ikapsa imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.3 a mpweya umenewu, kaya galimoto ndi yatsopano kaya yakale. Njira yake ndi imodzi, kuwotcha malita ochepa. Apa hybrid ngati Aqua, galimoto yoyendera petulo ndi batire, imathandizadi, makamaka m'tauni, chifukwa pamzere wa galimoto injini imazima, ndipo pogwira mabuleki batire imadzichaja. Koma ndinawachenjeza kuti Aqua inayamba kupangidwa mu 2011, ndiye zambiri zofika kuno mabatire ake ndi okalamba, ayambe awayezetsa. Ndinawakumbutsanso kuti petulo amene amathira ndi wosakaniza kale ndi ethanol wochokera ku zotsalira za nzimbe. Ku Dwangwa anayamba kumupanga mu 1982, maiko ambiri asanaganize n'komwe, ndipo pambuyo pake inabwera fakitale ina ku Chikwawa. Anadabwa, anati akawauza ana.

Lachisanu ndinataya kasitomala. Bambo wina wa CX-5 ya dizilo anabwera atagamula kale. Amafuna ndichotse DPF, sefa yogwira mwaye, ndipo wina akasinthe pulogalamu ya kompyuta kuti isamadandaule. Ndinawafunsa mayendedwe awo. Kunyumba, kusukulu kwa ana, kuofesi, basi. Sefa imeneyi imadziyeretsa yokha powotcha mwaye pa madigiri pafupifupi 600, koma zimafuna galimoto ithamange kwakanthawi osaimaima. Maulendo afupiafupi amaidula ntchitoyo isanathe. Oyilo amene ankathira analinso wamba, osati wa phulusa lochepa amene injini za DPF zimafuna.

"Bambo, tiyeni tiitsuke, tisinthe oyilo, ndiye pakapita masabata awiri muziyenda nayo kukafika ku Dedza n'kubwerera."

"Achimwene, ine sindinagule galimoto kuti izindituma."

Ndinawafotokozera kuti mwaye wa dizilo ndi wosalala kuposa ufa, umalowa mpaka pansi pa mapapo, ndipo bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linauika utsi wa dizilo m'gulu la zoyambitsa khansa mu 2012. Anamvetsera mwaulemu, analipira ya kuyeza, n'kutuluka. Ndikudziwa kuti pofika madzulo anali atapeza wowachitira. Ntchitoyo ikanandilipirira lendi ya galaja, ndipo usiku umenewo ndinachedwa kugona.

Loweruka chakumasana Sienta ija inatulukira, apaulendo ali momwemo. Dalaivala sanazimitse n'komwe injini, anangotulutsa mutu pawindo.

"Achimwene, mafuta aja tsopano akundifikitsa pa Mponela n'kutsalako! Abwana akuti mufunefune catalyst ija."

Ndinamuuza kuti kwa ogulitsa zida zakale kuli Sienta ina yomwe inagundidwa kumbuyo, kutsogolo kuli bwinobwino. Atanyamuka ndinamutuma mnyamata wanga kuti akaione catalyst yake asanatitsogolere a sikelo. Ndinamupatsa tochi, n'kumuuza kuti akaimasule kaye, aunike mbali imodzi, asuzumire mbali inayo, ndipo asalipire kanthu pokhapokha kuwala kutadutsa.