Ku Camagüey ng'ombe zili m'kaundula, mkaka ukusowa

Ukachoka ku Havana kulowera kum'mawa, basi ikangopitirira Ciego de Ávila dziko limayalika tayale mpaka kumene maso amalekezera. Kumeneku ndi ku Camagüey, chigawo chachikulu kuposa zonse m'dziko la Cuba, chimenenso anthu amachitchula akamakamba za ng'ombe. Ine ndinakula ndikupita kubusa, choncho maso anga anali pa windo njira yonse kufunafuna misambi.

Misambiyo inali yapatalipatali. Chimene chinadzaza malo ndi minga. Mtengo wake amautcha marabú, ndipo unachokera ku Africa konkuno. Ndi uja wamaluwa olendewera, kumtunda ofiirira kumunsi achikasu, umene kwathu umangomera apa ndi apo m'tchire. Ku Cuba unapeza malo osalimidwa n'kupiringizana mwakuti ngakhale galu sangaloweko. Mabusa ambirimbiri anamezedwa nawo. Ena apezerapo mwayi wootcha makala omwe amagulitsidwa mpaka ku Ulaya, koma ng'ombe sidya makala.

M'mbali mwa msewu mumaima anyamata atanyamula tchizi choyera m'mwamba, ena atagwirizira ndi jamu wouma wa gwafa. Amaima mokonzekera kuthawa. Mnzanga wondimasulira Chisipanishi anandiuza kuti mkaka umene wapangira tchizicho boma limauwerengera kuti ndi wake, n'chifukwa chake malondawo amachitika diso lili kumsewu.

Tinakagona kwa bambo ena achikulire oweta ng'ombe kunja kwa tauni. Kusanache n'komwe anali atadzuka kale. Anayamba amasula kaye thole kuti liyamwe pang'ono mpaka mkaka utsike, kenako analimangirira pafupi ndi mwendo wakutsogolo wa mayi wake, anamanga miyendo yakumbuyo ndi chingwe, n'kukhala pa kampando akukama ndi manja. Ng'ombeyo inali ndi linunda laling'ono ndi mawanga akuda ndi oyera, nthiti zikuwerengeka. Mkaka sunafike pakati pa ndowa. Inali nyengo yachilimwe, yomwe kumeneko imayamba cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo msipu unali utauma gwa. Atamaliza anathira mkakawo m'chigubu cha aluminiyamu n'kukachiika pamseu kuti ngolo yokokedwa ndi hatchi idzatenge. Anati magetsi akazima kumalo osonkhanitsira, thanki yoziziritsira imaima, mkaka umasasa, ndipo wotaya ndi mlimi.

Chinandidabwitsa ndi khola. Linali logundana ndi chipinda chawo chogona, lomangidwa ndi zitsulo, lokiyidwa ndi unyolo. Ndinawafunsa kuti, "Bambo, fungo lonseli mumagona bwanji?" Iwo anati fungo limazoloweleka, koma kudzuka n'kupeza mutu ndi matumbo okha kuthengo sikuzoloweleka. Akuba amapha ng'ombe usiku n'kukagulitsa nyama mobisa m'matauni, ndipo m'dziko lonse ng'ombe zobedwa chotere zimakwana masauzande ambiri chaka chilichonse.

Gwero la zimenezi ndi lamulo lakale. Kuyambira 1963, mlimi wa ku Cuba sankaloledwa kupha ng'ombe yake popanda chilolezo cha boma, ndipo ophwanya lamuloli ankakaseweza zaka kundende. Ng'ombe iliyonse imalembedwa m'kaundula: ikabadwa ukanene, ikafa ukanene, ikabedwa ukanene ndipo ukafotokoze bwino. Cholinga chinali kuteteza chiwerengero. Mu 2021 boma linafewetsako, n'kulola alimi kupha ndi kugulitsa, bola akhale atapereka gawo la boma ndipo khola lawo lisachepe. Bambowa anati n'chinthu chabwino ndithu, koma ochepa ndiwo amakwanitsa zonsezo.

Apa ndipamene mtima wanga unawawa. M'kholamo munali nkhalamba za ng'ombe zomwe zinaleka kalekale kubereka, zikulimbirana kamsipu komweko ndi zamkaka. Woweta aliyense amadziwa kuti chilimwe chikamafika umachotsako zina kuti zotsala zikhute. Ukamumanga manja pa zimenezo, chiwerengero chimaoneka bwino papepala kwa kanthawi, kenako njala ndi akuba amadzachotsa okha mosasankha. Ndi mmene zakhaliradi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Cuba inali ndi ng'ombe pafupifupi 7 miliyoni, kutsala pang'ono kufanana ndi chiwerengero cha anthu panthawiyo. Lero sizikwananso 4 miliyoni. Mkaka, womwe cha mu 1989 unkapitirira malita 1 biliyoni pa chaka, tsopano sufika ngakhale theka lake.

Sikuti atsogoleri analibe nazo chidwi ayi. Fidel Castro ankaikonda nkhani ya mkaka mwina kuposa mtsogoleri wina aliyense. Anaitanitsa ng'ombe zamkaka za mtundu wa Holstein ku Canada kuti azikweretse ndi ng'ombe za linunda zopirira kutentha, ndipo m'menemo munatuluka mtundu wa Siboney de Cuba. Anaitananso André Voisin, katswiri wa ku France wophunzitsa kugawa busa m'timagawo kuti ng'ombe zizidya mosinthasintha msipu n'kumaphukira; mkuluyu anamwalira ku Havana mu 1964 ndipo anaikidwa komweko. Koma makola akuluakulu a boma anadzakhazikika pa chakudya cha ziweto, feteleza ndi mafuta zochokera ku Soviet Union. Dziko limenelo litagwa mu 1991, ng'ombe zozolowera kudyetsedwa m'khola zinayamba kufa, ndipo zina zinamangidwa m'goli kulowa m'malo mwa mathirakitala.

Nditabwerera ku Havana ndinatsikira ku Batabanó n'kukwera boti yopita ku Nueva Gerona, pa chilumba cha Isla de la Juventud. Chilumbachi anthu ambiri a ku Mozambique ndi Angola amachidziwa, poti ana awo ankaphunzira m'masukulu ogonera pompo kuyambira m'ma 1970. Ine chinandiyendetsa ndi ng'ombe imodzi, Ubre Blanca. Mu Januwale 1982 inatulutsa malita 109.5 tsiku limodzi, ndipo pa masiku 305 inapitirira malita 24,000. Nyuzipepala ya Granma inkalemba za iyo ngati munthu wotchuka, ndipo itafa mu 1985 anaisemera chiboliboli cha mwala wa mabulo womwe umakumbidwa pachilumba pomwepo.

Ndinaima pafupi nacho nthawi ndithu. Ng'ombeyo inalidi yodabwitsa, palibe wotsutsa. Koma inali ndi anthu oisamalira usana ndi usiku, chakudya chosankhidwa ndi madokotala ake. Mtundu wabwino unaonetsa zimene ungachite ukadya mokwanira. Bambo a ku Camagüey aja ali ndi magazi omwewo a Holstein m'khola mwawo, koma chimene anandiuza kuti akusowa ndi waya wotchingira busa, pampu ya pachitsime, mankhwala a nkhupakupa ndi makina oduladula nzimbe ndi nsenjere zoti azidyetsa m'chilimwe. Sanatchulepo nkhunzi yatsopano.

Pa 26 Julaye 2007, Raúl Castro, mng'ono wake wa Fidel yemwe panthawiyo ankatsogolera dzikolo, analankhula ku Camagüey komweko kuti dziko liyenera kufika poti aliyense wofuna kapu ya mkaka aziipeza. Mpaka pano mkaka wa pa kabuku ka chakudya, kamene amakatcha libreta, umaperekedwa makamaka kwa ana osakwana zaka 7 ndi odwala ena, ndipo wambiri ndi waufa wogula kunja. Chakumapeto kwa 2023 ngakhale umenewo unavuta, boma linachita kupempha thandizo la mkaka waufa ku World Food Programme. Mayi wa nyumba imene ndinafikira ku Havana anali ndi mdzukulu yemwe anali atangokwanitsa zaka 7 mwezi womwewo. Dzina lake linali litachotsedwa kale pamndandanda wa mkaka, ndipo m'mawa ankapita kusukulu atamwa madzi a shuga ndi buledi.