Macbeth pansi pa denga la malata

Lachinayi lapitali tinakachita sewero la Macbeth pasukulu ina ya kumudzi kupitirira Magaliesburg, ndipo mpaka lero mtima sunatsike. Ndife gulu la zisudzo loyendayenda m'masukulu, ndipo a ku ofesi yathu anatiikira 2 koloko masana, mwezi uno wa February. Aliyense amene wakhalitsa kuno ku Joni amadziwa kuti nyengo ino mvula ya ziphaliwali imabwera chakumasana. Holo yake ndi ya malata opanda siling'i, koma palibe anapita kukaiona, ngakhale kungofunsa aphunzitsi pafoni.

Matalala anayamba Lady Macbeth akuwerenga kalata. Pansi pa denga lotere mawu a munthu sadutsa mzere wachitatu, ndiye chodalira ndi maiki ovala kumutu. Tinali nawo asanu ndi limodzi, koma wogula mabatire anatenga otchipa aja a zinc-carbon. Mabatire a alkaline amatha sewero lonse n'kutsalako. Otchipawa anayamba kufa limodzilimodzi, pofika pa phwando lomwe mzukwa wa Banquo umatulukira maiki atatu anali zii.

Kenako magetsi anathima. Jenereta yathu ndi ya 2 kVA, ndipo imanyamula nyali za LED zisanu ndi zitatu ndi masipika awiri bwinobwino. Vuto ndi makina otulutsa utsi pasiteji: akamatenthetsa amakoka mawati 1,500 okha. Afiti atangozungulira mphika wawo, jenereta inadula zonse. Tinanena kalekale kuti makinawa asamalumikizidwe ku jenereta imeneyi, koma chingwe chowonjezera chilipo chimodzi, ndiye zonse zimathera pamenepo.

Tinaimitsa kwa mphindi 20, n'kusuntha mipando kuti ana akhale mozungulira mbali zitatu, osewera n'kutsika pasiteji kudzasewerera pakati, popanda maiki. Munthu wakutali kwambiri anali mamita ngati asanu ndi atatu. Zinatheka chifukwa ambiri anali ndi mabuku m'manja. Macbeth ali pa silabasi ya Chingerezi ya Giredi 12, ndipo anawa akawalemba mayeso a matric, omalizira sekondale, kumapeto kwa chaka. Ndalama ya basi yopita ku Market Theatre, nyumba ya zisudzo ya ku Newtown mu Joni, sukulu ngati imeneyi ilibe, n'chifukwa chake timawatsata konko. Ndiye kuwapatsa sewero lomwe theka lake sanalimve n'kuwabera.

Masiku enawo panalibe zambiri. Lolemba ku Soweto ndi Lachiwiri ku Tembisa zinayenda, kumanga siteji ola limodzi, kumasula mphindi 40. Lachitatu tinakonza tayala la ngolo. Lachisanu ku Orange Farm tinasewera m'mawa, tinamaliza kumwamba kusanade.

Lipoti ndinapereka: sukulu za malata zikhale 10 koloko m'mawa mpaka mvula itadukiza mu April, mabatire a alkaline awiriawiri pa maiki aliyense ndi ena apadera, utsi uzimitsidwe magetsi akangothima. Ndandanda ya sabata ya mawa yafika dzulo madzulo, ndipo Lachinayi alembanso 2 koloko.