Zikomo nonse amene munandiwongola msana

Dzulo madzulo ndapereka mayunifolomu omaliza kwa eni ake, ndipo lero ndakwanitsa masabata 6 chibwerereni pa makina anga pakhonde paja pa Ngabu. Ndili chigonere mu Meyi ndinalonjeza mumtima kuti Mulungu akadzandibwezera pa ntchito ndidzathokoza poyera, chifukwa amene anandinyamula ndi ambiri, ndipo ena sindingathe kuwafikira pakhomo mmodzimmodzi.

Ndasoka zaka 19. Zaka zonsezo ndinkakhalira kabenchi kakafupi kopanda potsamira, makina anga a Butterfly ali patsogolo, mapazi akupalasa. Kuno kuchigwa tonse timadziwa kuti ntchito imagwirika m'mamawa dzuwa lisanakwiye, ndiye 6 koloko inkandipeza nditawerama kale, mphuno ili pafupi ndi singano, mapewa atagwera kutsogolo. Ndinkadzuka pokhapokha makala akazima mu simbi. Makasitomala ankati, "Atelala, bwanji mukukalamba msanga chonchi?" Ine ndinkangoyankha kuti ndi mmene ntchito yathu ilili.

Mu Epulo khosi linauma gwa. Ululu unkayambira pankhongo, kutsikira paphewa lamanja, kudutsa pachigongono mpaka m'zala. Chala chachikulu ndi chamkombaphala zinachita dzanzi moti sizasi inkapulumuka m'manja ndili pakati podula nsalu ya mwini. Ndinayamba kumwa bufeni wogula pamsika m'mawa ndi madzulo, nthawi zina ndisanadye kanthu, mpaka m'mimba munayamba kuotcha ngati ndameza khala lamoto. Kenaka kunabwera mawu oipa kuposa ululuwo. Wina anandinong'oneza kuti matenda otere sabwera okha, telala mnzanga wa khonde loyandikana ndiye wandichita chipongwe pofuna makasitomala anga. Ndinatemedwa mphini kumsana konse. Ndipo ndinakhulupirira.

N'chifukwa chake zikomo woyamba akupita kwa inu achimwene a khonde lapafupi. Masabata atatu ndinkakudutsani osakupatsani moni, inu osabwezera. Nditagoneratu munapita kwa mayi a kunyumba kukatenga nsalu zonse za anthu zimene zinatsalira, madiresi a ukwati wa ku Nchalo uja ndi malaya a amayi a Mvano, munasoka mpaka usiku mowunikira tochi, ndipo ndalama zonse munabweretsa kwathu osachotsapo ngakhale ya ulusi. Ndinakupepesani kale pamaso, koma popeza kukayikira kwanga kunamveka kwa anthu, kupepesa nakonso kumveke kwa anthu. Pepani achimwene. Anzathu a Chisena pothokoza amati takhuta, ndipo ine ndakhutadi ndi ubwino wanu.

Mayi a kunyumba, inu ndi amene munati basi zakwana, tiyeni kuchipatala. Ndalama za thonje zimene munkasungira malata munazitulutsa, munakakongolanso ku banki m'khonde, ndipo usiku uliwonse munkafunditsa madzi n'kumandithowa khosi ndi kansalu mpaka tulo titandibera. Amayi a gulu la banki, zikomo powapirira akazi anga pamene tsiku lobweza linadutsa. Mphwanga wa kabaza, unkandinyamula mosamala, kuzemba maenje, ndipo kangapo konse unakana ndalama.

Kuchipatala adokotala sanathamangire kulemba mankhwala. Anandifunsa ngati ndikuwonda, ngati ndikutsokomola, ngati ndimatuluka thukuta lonyowetsa zofunda ngakhale usiku wozizira, ngati miyendo ikufooka, ngati mkodzo kapena chimbudzi chimatuluka ndisakudziwa. Anandifotokozera kuti chifuwa chachikulu cha TB sichikhala m'mapapo mokha, chimatha kudya mafupa a msana mpaka munthu kutuluka linunda kapena kupuwala miyendo, koma chikapezeka msanga chimachizika, mankhwala ake ndi aulere m'zipatala za boma. Anandiyeza makhololo, anandijambula, TB sanaipeze. Bufeni uja anandiletsa pomwepo, anati akanandiboola zilonda m'mimba. Izi ndazilemba dala. Wina akawerenga nkhani yangayi asaganize kuti msana uliwonse wopweteka umatha ndi kuima pakhoma. Ngati muli ndi zizindikiro zimene ndatchulazi, pitani kuchipatala lero lomwe.

Amene ananditsegula maso ndi mayi wa fiziyo, wothandiza odwala ndi masewera olimbitsa thupi, wamng'ono msinkhu woti angakhale mwana wanga. Anandiuza kuti ndiime mmene ndimaimira masiku onse, n'kundijambula cham'mbali ndi foni yake. Nditaona chithunzicho mtima unandipweteka. Khutu linali kutsogolo kwenikweni, kutali ndi phewa, msana utakhota ngati uta. Anati munthu akaima bwino, khutu, phewa ndi chiuno zimakhala pamzere umodzi. Anandiwerengera mafupa a msana: 7 a m'khosi, 12 amene nthiti zimagwirako, 5 a m'chiuno, ndipo pakati pa fupa ndi fupa pali kanthu kofewa kogwira ntchito ngati nkhata. M'mbali mwa mafupawo mumatuluka mitsempha yopita m'manja ndi m'miyendo, ndipo wanga umodzi wa m'khosi unali utapanika, ndiye dzanzi la m'zala lija.

Kenaka anandipatsa chigubu cha malita 5 chodzaza madzi. Anati mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi chonchi, makilogalamu 5. Nditachigwira pachifuwa sichinali kanthu. Anati tsopano tambasulani dzanja. Mphindi imodzi isanathe mkono unayamba kunjenjemera. Anati, "Bambo, khosi lanu lakhala likugwira chigubu chimenechi chotambasula kwa zaka 19." Zonse zimene anandiphunzitsa pambuyo pake ndinazimva chifukwa cha chigubu chija.

Zimene anandipatsa kuti ndizichita n'zosafuna ndalama. Choyamba ndi kubweza chibwano: maso akuyang'ana kutsogolo, ndimakankhira chibwano kumbuyo molunjika, osaweramitsa mutu, osayang'ananso kumwamba, n'kuwerenga mpaka 5, kubwereza ka 10. Masiku oyamba ndinkalakwitsa, ndinkangogwetsa chibwano pachifuwa, mpaka anandiika chala pachibwano kuti ndimve njira yake. China ndi kuima pakhoma, matako, mapewa ndi nkhongo zitakhudza khoma, n'kumakweza manja ndi kuwatsitsa pang'onopang'ono. Poyamba nkhongo yanga inkalephera kufika pakhomapo, panali mpata wolowa dzanja lonse. Lero imafika. Ndimakokeranso mapewa kumbuyo ndi pansi ngati ndikufuna kupana choko pakati pa msana, komanso kuima pachitseko chotsegula, mikono itagwira mafelemu mbali zonse ziwiri, n'kusendera kutsogolo pang'ono mpaka chifuwa chitakokeka. Anati kwa munthu wowerama minofu ya pachifuwa imafupika, ya kumsana imafooka, ndiye ina iyenera kutambasulidwa, ina kulimbitsidwa. Anandichenjeza kuti ndikamva ululu wobaya kapena dzanzi likuwonjezeka ndisiye, ndibwerere kwa iwo. Ponyamula chinthu pansi, ngakhale mutu wa makina, ndizipinda mawondo, katundu ali pafupi ndi thupi.

Mawu awo ena amene ndimawakumbukira tsiku lililonse ndi akuti sakufuna ndiziuma ngati msilikali pa perete tsiku lonse. Anati ngakhale kukhala kwabwino kumapweteka munthu akakhalitsa osasuntha. Mphindi 30 zikakwana ndizidzuka, ndiyende pang'ono, nditambasule thupi. Amayi, simudzadziwa kukula kwa zimene munandichitira. Mulungu akuwonjezereni nzeru.

Panalinso chinthu chimene sindinachiganizirepo. Anandifunsa chifukwa chake ndimayandikitsa nkhope pa singano, n'kunditumiza kwa a maso. Kunapezeka kuti maso anga, monga a anthu ambiri opitirira zaka 40, anasiya kuona bwino zapafupi. Ndinkawerama pofunafuna bowo la singano. Mlamu wanga wa ku Blantyre anandigulira magalasi owerengera n'kuwapatsira munthu wa minibasi yotsika ku Thabwa. Alamu, tsiku limene ndinapisa ulusi pa singano nditakhala tsonga, mutu uli m'mwamba, misozi inalengeza.

Akalipentala a kuseri kwa msika, munabwera ndi tepi kudzayeza ine ndi makina omwe. Munandikhomera mpando wotsamira wolingana ndi msinkhu wanga, woti mapazi afike bwino popalasira, chiuno chikhale chokwererapo pang'ono kuposa mawondo, zigongono zikhale pafupi ndi nthiti. Munati ndidzalipira ndikadzayamba kupeza. Ndakulipirani, koma ngongole ya mtima ikadalipo. Pampandopo ndimakhala mpaka matako afike kumbuyo, ndipo chitenje chakale chopindapinda chimakhala pamsana cha m'chiuno. Usiku ndinasiya kusanjikiza mapilo awiri, ndimatsamira imodzi yokha.

Mwana wanga wamkazi, iwe ndiwe unatchera belu la mphindi 30 mu foni yanga, ndipo ukaweruka kusukulu umangofika n'kunena kuti, "Ababa, tsonga." Masiku ena ndinkakukalipira. Usasiye. Koma nawenso ndimakuona madzulo uli pamkeka, foni ili pamiyendo, khosi litapindika mmene linapindikira langa. Ikweze ifike molingana ndi maso. Akuluakulu anati kuwongola mtengo mpoyamba, ndipo ine ndaona ndi thupi langa kuvuta kwake kowongola utakhwima. Ndimadandaulanso ndi ana amene amalemba kope lili pabondo chifukwa chosowa madesiki, ndi anzanga olima kudimba tsiku lonse ndi khasu la mpini waufupi. Olima inu, mpini wotalikirapo umachepetsa kuwerama, ndipo kuwongoka pang'ono mukamaliza mzere si ulesi.

Sindinama kuti msana wabwerera wa unyamata. Pakadali kukhota pang'ono, ndipo ndikachulutsa ntchito khosi limandikumbutsa. Koma dzanzi linatha, sizasi ikugwirika, ndikugona mpaka tambala, ndipo mapiritsi ndinasiya mu Julayi.

Makasitomala anga amene munandidikira miyezi inayi osandichititsa manyazi pamsika, zikomo kwambiri. Ndabwerera pakhonde lomwe lija kuyambira 6 koloko m'mawa, ndipo kutentha kwa Okutobala kukafika ndizitseka masana n'kutsegulanso dzuwa likapendeka. Mukandipeza nditaima pakhoma manja ali m'mwamba, khalani pa kabenchi kakale kaja, ndinakasiyira alendo. Sinditenga mphindi zoposa zitatu.