Chikombole chopotoka

Lolemba ndinafika kuofesi ku Ginnery Corner nditanyowa ndi chiperoni, koma mtima uli m'malo. Kasitomala wathu wina wa ku Limbe, wogulitsa katundu wapikulitsa, amafuna ma VM 12, makompyuta ongoyerekezera okhala m'kati mwa kompyuta imodzi yaikulu, pa seva yathu ya Proxmox, pulogalamu yoyendetsa ma VM, ndipo template ya Ubuntu 24.04 ndinali nditaikonzeratu mwezi watha. Muofesi mwathu template timaitcha chikombole, ngati chija choumbira njerwa: umathira dothi, njerwa zonse n'kumatuluka zofanana. Ndinayendetsa script, cloud-init, pulogalamu yokonza VM ikamadzuka koyamba, n'kumapatsa VM iliyonse dzina, akaunti ndi kiyi wa SSH, njira yolowera m'makina uli patali. Khumi ndinawapatsa maadiresi okhazikika, awiri ndinawasiya kuti akapemphe okha kwa DHCP, makina ogawa maadiresi pa netiweki. Tiyi wa 10 koloko asanazizire onse anali atadzuka. Ndinalowa mwa awiri, n'kuona kuti zili bwino. VM yomaliza, ya backup, ndinaizimitsa chifukwa samaifuna mpaka kumapeto kwa mwezi. Kenaka ndinalembera kasitomala kuti ntchito yatheka.

Ndinalowa mwa awiri okha pa 12. Musaiwale zimenezo.

Cha m'ma 4 koloko foni inalira. Anali bambo oyang'anira makompyuta kwa kasitomala uja, munthu wamkulu amene anayamba ntchitoyi ine ndikadali ku pulayimale.

"Achimwene, makina anuwa akundikana."

"Akukukanani bwanji, bambo? Palembedwa chiyani?"

"Akungokana basi."

Yankho limeneli ndi limene limatikalambitsa anthu a ntchito yathu, chifukwa kukana kuli mitundumitundu. Pakalembedwa Connection timed out ndiye kuti mwachita odi koma palibe wamva, mwina mwasochera njira kapena firewall yakutsekerezani. Connection refused ndiye kuti nyumba ilipo koma pa port 22, khomo la SSH, palibe woyankha: sshd, pulogalamu yolandira alendo pakhomopo, sinadzuke. Koma Permission denied, kapena Server refused our key kwa ogwiritsa PuTTY, pulogalamu yolowera pa seva ndi SSH, ndiye kuti mwininyumba watuluka, wakuyang'anani kumaso, n'kunena kuti sakukudziwani. Atanditumizira chithunzi pa WhatsApp ndinaona kuti bambo aja awo anali mtundu wachitatuwu.

Lachiwiri m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Limbe, laputopu pamiyendo, tikuyenda pang'onopang'ono mu Masauko Chipembere Highway chifukwa cha mzere wa galimoto pa Chichiri. Kiyi wawo ndinamuyerekeza ndi amene ali mu authorized_keys, fayilo ya makiyi ololedwa pa seva, anali yemweyo chilembo ndi chilembo. Ndinataya pafupifupi ola limodzi ndikufunafuna mbali ya laputopu yawo, pamene wokanayo anali seva ndipo chifukwa chake anali atalemba kale. Nditalowa kudzera pa console ya Proxmox n'kulemba journalctl -u ssh, lamulo loonetsa zimene sshd yalemba, mzere unali poyera: ssh-rsa not in PubkeyAcceptedAlgorithms.

Nkhani yake ndi iyi. M'chaka cha 2021, OpenSSH 8.8 inasiya kulandira makiyi a RSA akasainidwa ndi SHA-1, popeza njira imeneyi inafooka. Kiyi wa RSA payekha alibe mlandu, bola asainidwe ndi SHA-2, ndipo PuTTY inayamba kutero pa 0.75, chaka chomwecho. Koma PuTTY ya bambo aja inali yakalekale, yoyenda pa flash kuchoka pa kompyuta ina kupita pa ina ngati chuma cha masiye. Pa maseva awo akale imagwira bwinobwino, n'chifukwa chake sanaonepo chifukwa choisinthira. Tinaika yatsopano, n'kuwapangiranso kiyi wa Ed25519, n'kulowa. Anandigulira nsima ya chambo, ine n'kumadziona ngati dolo.

Nditabwerera, abwana anga anali ndi maganizo awo. "Bwanji osangowatsegulira pasiwedi anthuwa? Za makiyizi zitidyera nthawi." Sindinagwirizane nazo. Seva iliyonse yoonekera pa intaneti imagogodedwa usana ndi usiku ndi makina ongoyesa mapasiwedi, ndipo anthu athu ndimawadziwa, amaika dzina la mwana ndi chaka chobadwa. Komabe abwana ndi abwana. Pa VM imodzi ndinatsegula sshd_config, fayilo ya malamulo a sshd, n'kulemba PasswordAuthentication yes, n'kuyambitsanso ssh. Inakanabe. Lamulo la sshd -T, lomwe limaonetsa zimene seva ikutsatiradi osati zimene iwe ukuganiza kuti walemba, linati no. Pamwamba pa fayiloyo pali mzere wa Include umene umayamba wawerenga zonse za mu sshd_config.d, ndipo sshd imagwira mawu oyamba kuwapeza, otsatira onse imangowanyalanyaza. Mmenemo Ubuntu ya cloud imabwera ndi kafayilo ka 60-cloudimg-settings.conf koletsa pasiwedi. Ndinawaonetsa abwana pa sikirini. Anangoti, "Ndiye zisiyeni choncho," ine n'kuthokoza kafayiloko chamumtima.

Lachitatu magetsi anathima cha m'ma 9. Batire la UPS yathu linatopa kale, ndiye jenereta isanalire seva inali itagona. Inadzuka yokha bwinobwino. Patapita kanthawi VM ina inayamba kukana kiyi, koma imeneyo sinandivute: munthu woika pulogalamu ya maakaunti anapanga chmod 777 pa foda yonse ya home, ndipo sshd sikhulupirira kiyi wokhala m'foda yomwe aliyense angalembemo. Bad ownership or modes, mphindi khumi, basi.

Zenizeni zinayamba masana. Ndikulowa mu VM yoyeserera ya kasitomala, sikirini inadzaza ndi zilembo zikuluzikulu: REMOTE HOST IDENTIFICATION HAS CHANGED. Tanthauzo lake n'loti makina amene ayankha pa adiresi iyi si amene munalankhula nawo poyamba. Ifeyo maadiresi timawabwereza kawirikawiri, VM ikafufutidwa ina imatenga malo ake, ndiye chenjezoli tinalizolowera ngati kulira kwa tambala. Ndinalemba ssh-keygen -R, kufufuta kiyi wakale, n'kulowa. Patapita theka la ola chenjezo lija linabweranso. Ndinafufutanso. Tsiku limenelo ndinachita zimenezi katatu, osadzifunsa n'komwe kuti makina amodzi angasinthe bwanji nkhope katatu dzuwa lisanalowe.

Uku kulumikizana kumangoduka pakati pa ntchito. Bambo a ku Limbe anaimbanso: mafayilo amene anakopera m'mawa asowa, kenaka abwerera, kenaka asowanso. "Achimwene, kapena seva yanuyi ili ndi ndondocha?" Tinaseka, koma ine thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kuzizira. Mlandu ndinauponya kwa mnyamata wa kukampani imene imatipatsa intaneti. Ndinamuimbira n'kumulankhula mawu amene sindingawalembe pano. Iye anayeza mbali yake n'kunena modekha kuti palibe paketi ngakhale imodzi imene ikutayika. Sindinamukhulupirire.

Lachinayi ndinakhala pansi ndi mtsikana amene akuphunzira ntchito kwathu, kuti azionerera mmene timasakira vuto. Ine maso anali pa ping ndi ma log. Iye anakhala chete nthawi yaitali, kenaka analoza pakona pa sikirini.

"Pepani achimwene, mwina sindikumvetsa. Mwati tikulowa mu test-01, nanga apa palembedwa backup-01 bwanji?"

Ndinayang'ana. Dzina la makina limakhala pamzere uliwonse umene ndimalembapo, ndipo kwa tsiku lathunthu sindinaliwerenge. Ndinatuluka n'kulowanso: test-01. Patapita mphindi zingapo, chenjezo lija, kenaka backup-01. Ndinayendetsa arping, lamulo lofunsa mwini adiresi, pa adiresiyo, ndipo ma MAC awiri osiyana, manambala ozindikiritsa khadi la netiweki la makina aliwonse, amayankha molandizana, ngati ana awiri a dzina limodzi m'kalasi.

VM ya backup ija ndinaizimitsa Lolemba, koma chikombole changa chinali ndi Start at boot, lamulo loti VM izidzuka yokha seva ikayaka. Magetsi atabwera Lachitatu inadzuka limodzi ndi anzake, n'kukapempha adiresi. Funso linatsala linali lakuti DHCP ingapereke bwanji adiresi imodzi kwa makina awiri a ma MAC osiyana. Yankho linali mu /etc/machine-id, kafayilo ka zilembo ndi manambala 32. Pa Ubuntu ya seva, systemd-networkd, pulogalamu yoyang'anira netiweki, ikamapempha adiresi siidzitchula ndi MAC, imadzitchula ndi chizindikiro chochokera ku machine-id. Tinatsegula kafayiloko pa ma VM onse 12, mtsikanayo akuwerenga ine ndikuyerekeza. Nambala inali imodzimodzi ponseponse. Kwa DHCP awiri aja anali munthu mmodzi wobwera kawiri. Makiyi a host okha, amene makina amadzizindikiritsa nawo kwa wolowa ndi SSH, ndi amene anali osiyana, chifukwa cloud-init imapanga atsopano pa VM iliyonse, ndiye chenjezo limene ndimalifufuta lija limanena zoona nthawi zonse zitatu.

Wolakwa sanali wa intaneti kapena magetsi. Image ya Ubuntu imabwera kafayiloko kalibe nambala, kuti makina aliwonse adzipangire yawo akamadzuka koyamba. Ine mwezi watha ndinaidzutsa kuti ndiikemo kapulogalamu kotchedwa qemu-guest-agent, nambala n'kulembedwa, ndipo ndinaisandutsa chikombole osapukuta. Khumi aja anapulumuka chabe chifukwa sapempha adiresi kwa wina aliyense.

Madzulo onse a Lachinayi tinathera posaka mafayilo a kasitomala, ena ali uku ena uko, n'kuwabwezera pamalo amodzi. Mwayi wake anali oyeserera, osati malonda enieni.

Lachisanu ndinaumba chikombole china. Ndisanachitseke ndinayendetsa cloud-init clean, kenaka truncate -s 0 /etc/machine-id, n'kuchotsa Start at boot. Ma VM 12 aja tinawapatsa manambala atsopano imodziimodzi anthu a ku Limbe ataweruka, popeza iliyonse imafunika kuidzutsanso. Script nayo ndinaiwonjezera: ikamaliza kuumba imalowa mu VM iliyonse ndi SSH, kufunsa dzina, adiresi ndi machine-id, ndipo ikapeza ziwiri zofanana imaima n'kukuwa. Gawo loyerekezalo analemba ndi mtsikana uja, ine ndinangokonza mizere iwiri.

Itakwana 7 koloko usiku, ndili pa siteji kudikira minibasi ya ku Chilomoni, ndinaimbira mnyamata wa intaneti uja.

"Achimwene, za Lachitatu zija pepani. Vuto linali kwathu konkuno."

Anakhala chete pang'ono, kenaka anaseka. "Ndinadziwa, akulu. Ndiye Fanta wanga ndidzamwera kuti?"

Ndinamuuza kuti Lolemba adzadutse pa Ginnery Corner nthawi ya nkhomaliro, pachiwaya paja.